Mpunga wa ku Chama ndi zigoba za Che Saidi

Ndisanayambe ndiyenera kutchula mboni, chifukwa nkhaniyi ndikaifotokoza anthu amati ndathira mchere wambiri. Mboni yoyamba ndi Che Saidi, mwini sitolo ya misomali ndi malata ku Down Shops m'tauni ya Chipata, munthu woti anapita ku Maka ndipo chibwerereni sananamepo ngakhale pa mtengo wa penti. Yachiwiri ndi mkazi wanga, amake Tiya, amene angakuuzeni zonsezi kuphatikizapo zina zomwe simunafunse. Yachitatu ndi a Tembo, akatekisi a kumudzi kwa apongozi anga, kupitirira Chiparamba pang'ono. Ilipo yachinayi, apongozi angawo, aNaphiri, koma iwo musawafunse. Kuchipatala anati asamakumbutsidwe zinthu zothamangitsa magazi.

Ine ntchito yanga ndi yogula nshawa, ena amati mtedza, m'midzi nkumagulitsa m'tauni. Chifukwa choyenda m'matchire ndi chikwama, ndinagula mfuti yam'manja, ya laisensi, mapepala onse ali bwinobwino (ndanena izi kuti ngati wina wa yunifolomu akuwerenga apitirize ndi mtima umodzi). Mfutiyo inagona m'kabati zaka zinayi osatsokomola nkamodzi komwe, mpaka Che Saidi ananditengera ku kalabu yawo kuseri kwa phiri, kumene Loweruka lililonse amuna akuluakulu amathamanga uku akuwombera makatoni, wina ali pambuyo ndi kawotchi. Ndinapita kukaseka. Ndinabwerako nditalembetsa.

Vuto la masewerawa ndi limodzi. Mfuti ikangoti pha, dziwani kuti meda ya nshawa, chitini chodzaza ndithu, yapita. Ine makutu anga anafika poti samamvanso kulira kwa mfuti, ankangomva nshawa zikukhuthuka. Nditadandaula, Che Saidi anandiuza kuti ochita mpikisano enieni sagula zipolopolo zatsopano, amadzaza okha. Ukawombera, mfuti imalavula chigoba chamkuwa. Chigobacho umatola, nkuchitsuka, nkuchiwongola pa makina, nkuikamo kachitsulo koyatsira moto kumatako, onga pakati, mutu watsopano pamwamba. Chabadwanso. Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake akatha kuwombera, munthu wa sitolo yonse ija ankawerama m'fumbi ngati mayi wokunkha m'munda mwa eni.

Ananditengera m'kachipinda kuseri kwa sitolo. Munali makina omangirira pa tebulo, buku lalikulu la miyeso, ndi kasikelo kakang'ono kovundikira ndi nsalu. Malamulo anali ambiri kuposa a ku seminale. Fodya ayi, foni ayi, nkhani ayi, ndipo chilichonse chomwe sichili m'bukumo sichichitika. Nditatambasula dzanja kuti ndikhudze kasikelo, anandimenya pa chala.

"Iyi si ija mumagulira nshawa, achimwene. Iyi chala cha mwini sichithandizira."

(Sikelo yanga ndi yolungama. Imangokhala ndi maganizo akeake nthawi yamvula.)

Anati onga ndidzaukhudza akadzaona kuti ndili ndi mutu. Woyamba kumene amayambira kutsuka. Mpikisano wa ku Lusaka unali patsogolo milungu itatu, ndipo ine zigoba ndinalibe, choncho anandibwereka zake mazana anayi, chilichonse chili ndi kamzere kofiira kumatako kuti chisasochere pa za anthu. Anazitola zaka ndi zaka. Pondipatsa anagwira thumba la zigobazo nthawi yaitali ndithu ine nditagwira kale mbali inayo.

Zigoba amazitsuka m'kambale kamagetsi komwe kamanjenjemera maola angapo, muli tinthu tokhakhala topukutira. Koma kambale ka Che Saidi kanali katapsa ndi kubwera ndi kupita kwa magetsi, ndiye anati ndizipukuta chimodzichimodzi ndi nsalu. Kenako, akutseka chitseko, anangoti ena amagwiritsa ntchito mpunga wosaphika, chofunika nkugwedeza basi.

Mawu amenewa ndi omwe anandipha. Ndinadzifunsa kuti kodi kuno kum'mawa ndi chiyani chimagwedeza maola ambiri, mwaulere, osadalira magetsi. Yankho lake aliyense amene anakwatira kupitirira Chiparamba akulidziwa. Ndi kamsewu kafumbi kolowera kwa apongozi anga. Msewu umenewu munthu wina anakwera ndi mkaka, anatsika ndi chambiko. Ndinamuona ndi maso angawa.

Loweruka lomwelo tinali ndi ulendo wopita kumudziko, poti Lamlungu kunali masika kutchalitchi. Ndinagula mpunga wa ku Chama, wonunkhira uja, pakuti sindine munthu wotsuka katundu wa eni mu mpunga woswekasweka. Ndinathira m'ndowa yaikulu yachivundikiro, zigoba zonse pakati, nkumanga ndi lekeni mwamphamvu. Ndikukweza m'kavani kanga, amake Tiya anafunsa kuti muli chiyani. Tsono amake Tiya anali atanena kale kuti akadzamvanso za kalabu ija adzaponya mfuti m'chimbudzi. Ndinayankha kuti muli mpunga wa ku Chama. Sindinaname. Iwo anandiyang'ana ndi nkhope ina yofewa yomwe ndinaiona komaliza tsiku laukwati, ndipo ndikanakhala wanzeru ndikanachita mantha pomwepo.

Panjira ndinagwira ntchito. Dzenje lililonse ndinalilonjera. Lina ndinaliphonya, ndinabwerera m'mbuyo. Amake Tiya atagunda mutu kudenga kachitatu anandinunkhiza kukamwa.

Tsopano mumvetse za ine ndi aNaphiri. Iwo ndi a mwambo wakale weniweni. Zaka zisanu ndi zinayi zaukwati sitinayankhulanepo maso ndi maso. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo ine ndili pomwepo, nane ndimayankha kudzera momwemo. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire, ndipo tsiku lina ndinapatukira pa chitedze nkuima pomwepo mwaulemu mpaka atadutsa. Pa za mphatso mbiri yanga sinali yabwino. Ndinawapatsapo shuga, ndi chitenje china chimene atachichapa chinasanduka mtundu wa mtsinje.

Titafika ndinapita kukalonjera amalume ake a mkazi wanga kuseri kwa khola. Ndili pakati pofunsa za ng'ombe ndinamva nthungululu. Pobwera ndinangoona msana wa apongozi ukulowa m'nyumba, ndowa ili pamutu. Inapita kuchipinda kwawo, malo oti mkamwini salowako ngakhale nyumba ikupsa.

Mawu anabwera kudzera mwa amake Tiya, maso awo ali ndi misozi. Akuti amayi sanatsegule, angoinyamula, ndipo akuti mpunga wolemera chonchi sanauonepo, ndi wa ku Chama weniweni. Akuti chinthu chotere munthu sayamba kudya yekha. Zaka zonsezi pa masika akhala akupereka maungu, amayi a mphakati wa kutsidya nkumatsinana. Mawa ndowayo ikupita kuguwa.

Ndinakokera amake Tiya kuseri kwa nkhokwe nkuwauza zoona zonse. Sanakuwe.

"Atate ake Tiya, ine ndawauza amayi kuti mwasintha. Agwada pansi kuthokoza. Ngati pali china choti amve, kawauzeni nokha."

Ankadziwa kuti sindingathe. Ndinakhala pa chitsa nkuganiza, ndipo nzeru inabweranso, mchimwene wake wa nzeru ija ya msewu. Pa masika, Misa ikatha, zopereka amazigulitsa pa mpikisano wa mitengo kuti tchalitchi ipeze thandizo. Ndingogula ndowa yanga, nkubwerera nayo ku Chipata, mwezi wamawa nkubweretsa mpunga weniweni. Palibe wodziwa, palibe wolira.

Lamlungu tchalitchi inadzaza mpaka m'mawindo. Nthawi ya zopereka mzere unayamba kuvina kuchokera pakhomo, madengu a chimanga, nkhuku zomanga miyendo, thonje, mbuzi imodzi yokana Chikhristu. Pakati pa onsewo panali aNaphiri, ndowa pamutu, osaigwira, akutyola chiuno ngati mtsikana wa kwaya. Anapita masitepe atatu kutsogolo, awiri m'mbuyo, kuti a mphakati wa kutsidya aone bwino. Ndivomere tchimo langa pano: mbali ina ya mutu wanga inkati kugwedeza kumeneku nakonso kukuthandiza.

Bambo Mfumu anadalitsa zonse nkuwaza madzi oyera. Zigoba za Che Saidi, munthu wa ku Maka, zinalandira madalitso a Akatolika ine ndikuona, osatha kuchita kanthu.

Malonda anachitikira pansi pa mtengo wa mango, a Tembo akuitanira. Maungu anapita, nkhuku zinapita, mbuzi inapita ikutukwana. Atakweza ndowa ija nkunena kuti uwu ndi mpunga wa ku Chama wochokera kwa akamwini a aNaphiri, ine dzanja linali kale m'mwamba. Ndinafulumira kwambiri. Anthu onse anatembenuka.

"Opereka ndi omwewa, ogulanso ndi omwewa," anatero a Tembo. "Abale, mpungawu uli ndi kanthu."

Anthu anamva zimenezo. Amayi oti sanagulepo ngakhale dzungu anayamba kumasula mfundo za zitenje. Koma woopsa anali a Zulu, mlimi wa fodya wokhala ndi lole yake, amene kale anafunsirapo amake Tiya nkukanidwa, ndipo chiyambire amandiyang'ana ngati ndinamudyera mbewu. Ndikakweza dzanja, iye amakweza chipewa. Mtengo unadutsa wa nkhuku. Unadutsa wa mbuzi ija. Unayamba kusuzumira m'khola la ng'ombe. Ndinkati ndikwezenso, amake Tiya anandiponda phazi ndi chidendene nkusiya pomwepo, ndipo chala chimenecho mpaka lero chimadziwa mvula isanabwere.

A Zulu anapambana. Anaimirira, nakonza jekete, nanena mokweza kuti iwo si munthu wopereka ndi dzanja ili nkulanda ndi linali. Mpungawo akuupereka kwa Mulungu kachiwiri, amayi auphike pompano kuti Bambo Mfumu ndi alendo adye. Anthu anaomba m'manja. Ndowa inanyamuka ulendo wa kumafuwa.

Apa nkhani inasiya kuseketsa. Che Saidi anali atandichenjeza kuti mwaye wa m'zigoba uli ndi mtovu, ndipo chilichonse chotsukira zigoba usapatse ngakhale nkhuku, m'manja usambe ndi sopo usanagwire chakudya. Ine ndine wamantha, ndine wa nzeru zoperewera, koma kudyetsa wansembe mtovu pa tsiku la masika ndinaona kuti kwandikulira. Ndinathamanga motsimphina kupita kuseri kwa tchalitchi, kumene amuna safikako.

Ndinapeza amayi atazungulira ndowa ndi malichero, ndipo womasula lekeni anali aNaphiri eni ake. Amake Tiya anali atatsalira kumango. Panalibe wodutsiramo mawu. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaona mtengo wa gwafa. Ndinagwada, nkhope kumtengo, msana kwa apongozi.

"Iwe mtengo, uwauze amayi kuti mpungawo asaphike."

Kenako ndinamva mawu kumbuyo kwanga, odekha ngati a m'kalasi ya katekisimu.

"Iwe mtengo, uwafunse atate ake Tiya kuti chifukwa chiyani."

"Uwauze kuti muli zinthu."

"Uwafunse kuti zinthu zanji."

Mtengowo usanapeze poyambira, chivundikiro chinatseguka. Mpunga unali wotuwa ngati phulusa. Mayi wina anati mwina wa ku Chama umakhala choncho, napendeketsa ndowa pa lichero. Abale, zomwe zinatuluka mmenemo. Dzuwa la masana linagunda pa licherolo, mayi wina anaphimba maso, tambala yemwe anali pafupi analira poganiza kuti kwachanso. Zigoba zija zinali kung'anima kuposa chikho cha paguwa. Ndinena zoona, ndili chogwada choncho, pakati pa manyazi onsewo, ndinamva kunyada.

Wina ananong'ona kuti ndi golide, ndipo amayi anasendera pafupi. Kenako mayi wina amene mwana wake ndi msilikali anatola chimodzi nkunena kuti izi ndi zipolopolo. Sindinadziwe kuti amayi a bungwe la Anna Woyera amatha kulumpha mafuwa. Mphindi imodzi pamalopo tinatsala atatu: ine, aNaphiri ndi gwafa.

A Tembo anabwera ndi Bambo Mfumu, khamu lonse lili pambuyo pawo patali pabwino. Bambo Mfumu anatola chigoba, nachiyang'ana mkati, nauza anthu kuti nchopanda kanthu, sichingaphulike kuposa chitsekerero cha botolo. Ndiye anandipempha kuti ndifotokoze. Ndinafotokoza zonse, za kalabu, za kambale kopsa, za msewu. Pa za msewu amuna angapo anagwedeza mitu movomereza, mmodzi nkunena kuti akanandiuza njira ya kudambo, ndiyo yoipa kwambiri. Bambo Mfumu anatembenukira kumbali nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Ndikhulupirira ankapemphera.

Chigamulo chinali chakuti mpungawo ukwiriridwe m'dzenje lakuya kosafika nkhuku, lichero litenthedwe, onse ogwirako asambe m'manja ndi sopo, ndipo ine ndibweretse mpunga wina ndi lichero latsopano. Ndinkati zatha, a Zulu anatsokomola. Anati iwo anagula ndowa ndi zonse zamkatimo, choncho tizitsulo tokongolato ntawo, akufuna akapange mikanda ya ng'ombe zawo.

Ndinaona nkhope ya Che Saidi m'maganizo, dzanja lake lija losafuna kusiya thumba. Amene anayankhula ndi aNaphiri, ndipo sanadutsire mumtengo.

"A Zulu, inu mwapereka ndowayi kwa Mulungu anthu onse akumva. Ngati mukuifunanso, kaitengeni kwa Iyeyo. Uyu ndi chitsiru, koma ndi chitsiru cha pakhomo panga."

Bambo Mfumu anati tchalitchi ilibe nazo ntchito zigobazo, zibwerere kwa mwini wake. Ndinazitola chimodzichimodzi m'phulusa la mpunga lija, mpingo wonse ukuonerera, ena akuthandiza kuloza. Zinakwana mazana anayi. Pobwerera ku Chipata, titafika pa tala, amake Tiya anangoti m'zaka zisanu ndi zinayi aka nkoyamba amayi awo kunditchula kuti ndine wa pakhomo pawo, ndipo ndisazolowere.

Lolemba ndinakhuthula zigoba pa tebulo la Che Saidi. Anatola chimodzi, napita nacho pakhomo, nachitembenuza padzuwa. Anati zaka zonse zomwe wakhala akudzaza zipolopolo sanaonepo mkuwa wowala chotere. Chikumbumtima chinandikakamiza kuwauza kuti zigoba zawo zinalowa m'tchalitchi, zinavina, ndipo zinawazidwa madzi odalitsa. Anaganiza pang'ono.

"Madziwo analowa mkati?"

Ndinati ayi, chivundikiro chinali chomanga.

"Ndiye palibe mlandu."

Kenako anandipatsa chigobacho kuti ndisuzumire kumatako, pa kabowo kodutsira moto. Munali kambewu ka mpunga, katakhala bwinobwino ngati kanabadwira momwemo. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu chimodzimodzi. Anati akanandiuza kuti mpunga umatero ndikanafunsa, koma ine ndinathamanga ndi theka la mawu. Milungu iwiri yotsatira ndinaithera pakhonde ndi minga ya mthethe, kutokosa mabowo mazana anayi, amake Tiya akudutsa nkumafunsa ngati ndiwasungire mpungawo wa Khirisimasi. Nditamaliza, Che Saidi anayang'ana chilichonse payekha, ndipo pokhapo anavundukula kasikelo kaja nkundilola kuima pafupi, manja kumbuyo.

Ku Lusaka ndinapita. Ndinakhala wachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo wakumapetoyo anachoka pakati pa mpikisano chifukwa cha m'mimba. Koma zigoba zanga zikagwa pansi anthu ankasiya kuyang'ana chandamale. Mkulu wina wa ku Kitwe anandifunsa kuti makina anga otsukira ndi a mtundu wanji. Ndinati ndi a ku Chiparamba. Analemba papepala.

Phunziro ndinalitola, ndipo ndi ili: ndowa uzilemba. Masiku ano mwezi ukatha ndimapita kumudzi ndi ndowa zinayi. Zitatu ndi za zigoba za anzanga a ku kalabu, zolembedwa ndi penti yofiira mbali zonse, ndipo m'malo mwa mpunga timathira zitsononkho zogaya, zomwe palibe angazipereke kuguwa. Yachinayi ndi ya aNaphiri, mpunga wa ku Chama wokhawokha. Amaitsegulira pagalimoto pomwepo, nkulowetsa mkono mpaka m'chigongono, nkuvundula ine ndikuyang'ana kumbali. Akapeza kuti mulibe kanthu amauza mtengo uliwonse womwe uli pafupi kuti zikomo.

Mwezi wathawu kunali msonkhano kumudziko, ndipo kunamveka kuti kamsewu kaja akufuna kukasalaza. Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta. Atafunsa ngati pali wotsutsa, ndinamva dzanja langa likunyamuka lokha. Lisanafike paphewa, chidendene cha amake Tiya chinali chitapeza kale chala chija.